Bulu Amene Anakana Kutsogola

Foni inandipeza Lachiwiri ndili ku dimba, ndikuthirira kachewere. Anali achimwene anga a Gelevaziyo, amene kwa zaka ziwiri ankandizemba ngati mpongozi.

"Achemwali, bulu wanu mmodzi wapezeka. Ali kwa Chagwa, kupitirira Ulongwe wa ku Mozambiki. Akumusunga ndi bambo ena, a Fulansisiko."

"Mmodzi? Nanga winayo?"

Foni inaduka. Mpaka lero amati mayunitsi ndiwo anatha.

Malemu amuna anga anandisiyira ngolo ndi abulu awiri, Phulusa ndi Chitedze. Kuno kwa Mphunzi munthu wa ngolo amatulutsa yekha kachewere wake kupita naye kumsewu waukulu. Wopanda ngolo amadikira mavenda kumunda, ndipo mavenda akakupeza kumunda amakumeta mpala wopanda madzi. Achimwene angawo anakwatira ku Mozambiki, ndiye anabwera kudzabwereka abuluwo, ati mwezi umodzi wokha, akatute chimanga. Ndinakana, iwo nanyengerera mpaka ndinafewa. Mwezi usanathe, kumeneko kunayamba kulira mfuti. Anthu amfuti analowa m'mudzi mwawo natenga ufa, mbuzi ndi abulu anga. Achimwene anathawa ndi akazi awo osatenga ndi supuni yomwe, ndipo ngolo yanga inakhala pansi pa mtengo wa mapichesi mpaka nkhuku zinayamba kuikiramo mazira.

Tsono a Jailosi, oyandikana nawo nyumba, anali ndi bulu mmodzi koma opanda ngolo. Ine ngolo ndinali nayo, bulu ayi. Nditawauza za foni ija anati akanafuna kugulitsa wawoyo, wogula anali atapezeka kale, koma andidikira masabata awiri. Ndikabwera ndi wanga tiphatikiza, ngolo iyambenso kuyenda. Ndikalephera, ndiye kuti kachewere wa chaka chimenecho adyanso mavenda, kachitatu.

Lachinayi m'mawa ndinamanga kathumba: chitenje chosinthira, chingwe, kalata ya kwa amfumu yonena kuti buluyo ndi wanga, ndi chikwapu cha malemu chija anachidula ku tayala lakale. Mwana wanga wamkulu, Tadala, anaima pakhomo atagwira m'chiuno.

"Amayi, mukufuna mukafere bulu?"

"Iwe, sukulu unamaliza ija anakulipirira ndani? Si msana wa bulu yemweyo?"

Njinga yamoto inandigwedeza matumbo mpaka pamsewu waukulu. Pamenepo ndinakwera minibasi ya ku boma, mpando wa anthu atatu titakhala asanu, ndowa ya tomato ya munthu wosamudziwa ili pamiyendo panga. Kondakitala anati ndowayo ndilipirirenso. Ndinamuuza kuti ngati ndi choncho ndikatsika nayo, mwini wake nadzuka msangamsanga kutulo tabodza timene anagona.

Pa boda ya Dedza ndinaima pamzere kumbuyo kwa madalaivala a mathiraki, mphepo ya m'phiri ikulowa mpaka m'mafupa. Nditafika pawindo, bambo wolemba ziphaso anandifunsa chimene ndikukachita kutsidyako.

"Ndikukatenga bulu wanga."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, naseka, kenako analemba kuti ndikukaona abale. Sindinatsutse, chifukwa kunena zoona sananame kwenikweni. Panja osintha ndalama anandizinga ngati ntchentche, ndipo makwacha anga onse anasanduka timapepala tochepa kwambiri, moti ndinayang'ana pansi kuyesa tina tagwa.

Kutsidya minibasi amaitcha chapa. Imene ndinaipeza inkaoneka yodzadza, ndiye ndinathamangira kukhala. Ayi ndithu, theka la anthuwo anali oitanira chabe. Wokwera weniweni akabwera, mmodzi wa iwo amatsika mwakachetechete. Ndinalowa dzuwa lisanatenthe, tinanyamuka anthu atadya kale chamasana. Amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma amene ananena mawuwo sanakhalepo mu chapa yoima, injini ikungolira kunamiza anthu.

Pambali panga panakhala mayi wina wonenepa bwino, wogulitsa zitenje, dzina lake Rozaliya. Anaona kolona m'khosi mwanga nayamba kucheza. Anali wolongolola, wa nthabwala, mpaka pamene ndinatchula kwa Chagwa. Nkhope yake inasintha, nayang'ana kumbuyo.

"Kumeneko mukapita, mukatenge chimene mwapitira n'kubwerako. Osakafunsa mafunso. Amene anachita zija sanapite kutali ayi, ena timagula nawo mchere pamsika."

Tinafika pa Ulongwe madzulo, galimoto zopita kumapiriko zitatha kale. Mayi Rozaliya ananditengera kwawo, nandiyalira mphasa pakati pa mabelo a zitenje. Mulungu aziwadalitsa, sanandifunse kanthu.

M'mawa mwake ndinakwera pikapu yonyamula feteleza. Tinakhala pamwamba pa matumba anthu ngati khumi ndi awiri, miyendo ili lende panja. Msewu wa tala unatha msanga, n'kuyamba wa fumbi wokumbika ndi madzi. Titayenda maola awiri, pa chitunda china, tayala lakumbuyo linaphulika. Phuu!

Pamene ndimatembenuka kuti ndione chachitika n'chiyani, ndinali ndekha pamwamba pa feteleza. Anthu onse anali atadumpha, ali chafufumimba mu udzu, mayi wina ataphimba khanda lake ndi thupi lonse. Dalaivala yemwe anali mu ngalande. Ine ndinaseka, ndivomere. Ndinaseka mokweza, ndikuti, "Abale, ndi tayala!" Palibe amene anaseka nane. Anadzuka mmodzimmodzi akusasa zovala, osandiyang'ana, ndipo manyazi amene anandigwira sindinawamvepo chiyambire.

Sipeya analipo koma wopanda mpweya. Dalaivala anakwera njinga ya munthu wodutsa, tayala lili pakaliyala, kubwerera kumene tinachokera. Tinakhala pansi pa mtengo wa msuku kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Ndinatulutsa chimanga changa chokazinga n'kugawira anthu, mwina pofuna kulipira kuseka kuja. Mkulu wina wa chipewa choluka, amene anakhala pafupi nane, anafunsa kumene ndikupita. Nditamuuza za bulu anagwedeza mutu.

"Inu mwayi, chanu chatsala. Kwathu simukamva galu akuuwa."

"Anatha ndi matenda?"

"Matenda ake ati? Amfuti akafuna kulowa m'mudzi ankayamba ndi agalu, poti galu amaulula. Otsalawo tinapha tokha. Tikubisala kutchire, galu akauwa ndiye kuti mwapezeka nonse. Wanga ndinam'mangirira mwala ine mwini, ali kundinyambita dzanja. Atambala tinawapotola makosi tsiku limodzi, onse. Miyezi inayi kunkacha popanda tambala."

Ananena zimenezi akutafuna chimanga changa, ngati akunena za mtengo wa feteleza. Ndinafuna kufunsa kuti amfutiwo anali a mbali iti, koma ndinakumbukira mawu a mayi Rozaliya, ndipo ndinatseka pakamwa.

Tayala linabwera, tinakankha pikapu pa chitunda, ndipo ananditsitsa pa mphambano ina dzuwa litatsala pang'ono kulowa. Kwa Chagwa ndinalowako wapansi. Nyumba zina zinali zofolera kumene, zina zipupa zokhazokha zakuda ndi utsi. Mlendo ndinadutsa mudzi wonse popanda galu ndi mmodzi yemwe wondiuwa.

A Fulansisiko anali bambo wamtali, woonda, wa zaka ngati zanga. Anandilonjera mwaulemu, akazi awo nandipatsa madzi, kenako anandiperekeza kuseri kwa nkhokwe. Phulusa anali pomwepo.

Ndinamudziwa ndi mzere wakuda wa paphewa, apo ayi ndikanamukana. Bulu amene ankanyezimira uja nthiti zinali kuwerengeka. Pamsana ponse panali zipsera, pena ubweya utamera woyera, pena osamera n'komwe, ndipo chilonda chimodzi chinali chisanapole. Khutu lakumanzere linali long'ambika pakati. Ndinamuitana dzina. Anatembenuza mutu, nandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anabwera kudzanunkhiza chitenje changa. Ndinalira ngati pamaliro, osasamala kuti ndili kwa eni.

"Nanga Chitedze?" ndinafunsa nditapukuta misozi.

"Anafa," anatero a Fulansisiko, nachokapo.

Yankho limenelo linandipweteka. Mumtima ndinati bambo awa ndi amwano, kapena anamugulitsa. Ndinawapatsa chitenje chatsopano chimene ndinagula kwa mayi Rozaliya kuti chikhale chothokozera, koma anakana kuchilandira, akazi awo ndiwo anachitenga. Anangoti mawa andiperekeza mpaka kumtsinje, andionetse njira yachidule yotulukira kwathu, poti bulu sakwera chapa.

Tinanyamuka kutangocha. A Fulansisiko anagwira chingwe natsogola, bulu akutsatira pambuyo, ine pambuyo penipeni koma chapatali, chifukwa anandiuza kuti ndisayandikire. Zinkandinyansa. Kwathu bulu sakokedwa ngati mbuzi yopita kumsika. Bulu amatsogola, mwini ali kumbuyo ndi chikwapu, ukati "tiye" iye n'kumapita. Ndi mmene ndinaphunzirira kwa malemu, ndi mmene aliyense amachitira kuyambira kwa Mphunzi mpaka ku Kasina. Ndinaona kuti bamboyu wandiwonongera bulu pomulera ngati mwana.

Titafika pamene njira imalowa mu udzu wautali, a Fulansisiko anapatuka kuti akadzithandize, nandisiyira chingwe. Ndinati apa ndiye pabwino, Phulusa akumbuke mwini wake. Ndinamukoleka chingwe m'khosi, ndinazungulira kumbuyo kwake, n'kutulutsa chikwapu.

"Tiye, Phulusa!"

Sanasunthe.

"Tiye, iwe!"

Miyendo yake inayamba kunjenjemera, yonse inayi. Makutu anagona. Ndinamukwapula kamodzi m'matako, osati mwamphamvu. Anakodza pomwepo ataimirira, mkodzo ukutsikira m'miyendo. Apo mtima wanga unaphulika. Zaka ziwiri za mavenda, achimwene ozemba, chapa, tayala, zonse zinabwera m'dzanja langa. Ndinamukwapula kachiwiri, kachitatu, sindikudziwa kangati, ndikukalipa kuti ndavutikira chitsiru. Chikwapu china chinagwera pa chilonda chija, magazi n'kuyamba kutuluka. Iye anagwada ndi miyendo yakutsogolo, mphuno ili m'dothi, koma kutsogolo sanapite ngakhale phazi limodzi.

Dzanja linandigwira pamkono mwamphamvu. A Fulansisiko anali akupuma ngati athamanga mtunda wautali.

"Mayi, chonde. Musamuime kumbuyo."

"Bulu ndi wanga! Mwamulodza ndi chiyani?"

Analanda chikwapu nachiponya pansi, iwo n'kukhala pa chulu. Kenako anayamba kulankhula motsitsa, osandiyang'ana.

"Tsiku limene anatenga abulu anu anatenganso ine. Tinali amuna asanu ndi abulu asanu ndi awiri. Tinkasenza mabokosi a zipolopolo ndi ufa, kukwera mapiri, iwo pamsana, ife pamutu. Zipsera mukuonazi ndi za mabokosiwo. Koma ntchito yeniyeni ya abulu sinali imeneyo. Njira zina adani awo ankakwiriramo mabomba. Tikafika pa njira yokayikitsa ngati iyi, yopapatiza, ya udzu, ankatula katundu pa bulu mmodzi, n'kumutsogoza yekha. Munthu mmodzi kumbuyo kwake ndi ndodo yaitali, ena onse kutali, akudikira. Bulu akadutsa bwino, ndiye kuti njira ili bwino."

Kenako anawonjezera:

"Wa ndodoyo ndinali ine."

Ndinakhala pansi pomwepo pa njira.

"Wanu winayo, wofiirira uja, anali wolimba mtima, ndiye ankakonda kutsogoza iyeyo. Uyu ankabwera pambuyo pake. M'mawa wina, pafupi ndi kamtsinje, anaponda. Miyendo yakutsogolo inachoka yonse, koma sanafe. Khutu la uyu linang'ambika pomwepo. Ndinawapempha kuti amuwombere. Anati chipolopolo n'chodula, komanso chimamveka kutali. Tinamulambalala ali moyo, akuyesa kudzuka. Tinamumva akulira mpaka tinakwera phiri lonse. Kuyambira tsiku limenelo wotsogola anali uyu, miyezi itatu. Ankadziwa, mayi. Nyama imadziwa. Ankagwada chonchi, ine n'kumamumenya mpaka adzuke, chifukwa akapanda kudzuka akanatsogoza ine."

"Anali a mbali iti?" Funso lija ndinalisunga masiku awiri linatuluka lokha.

Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. "Oyamba anali a mbali ina. Kenako a mbali inayo anatigwira, ife ndi abulu omwe. Ndinayesa tapulumuka. M'mawa mwake anandipatsa ndodo ina."

Ndinafuna kuwada bambo amenewa. Ndinayesetsa ndithu, pakuti munthu amene anamenya Chitedze mpaka kukaponda bomba anali pamaso panga. Koma chikwapu chimene chinali pansicho chinali changa, ndipo magazi amene ankatsika pamsana pa Phulusa sanawatulutse ndi iwo. Mkwiyo wanga unasowa pogwera. Amene anakwirira mabombawo sindiwadziwa. Amene analamula sindiwadziwa. Ndimangomva kuti akuluakulu a mbali ziwirizo anagwirana chanza, anakhululukirana, akudya pa tebulo limodzi. Anakhululukirana okhaokha, ngati ndi iwo amene anathyoka miyendo.

A Fulansisiko anadzuka, napita kutsogolo kwa bulu, nagwira chingwe mofatsa. Anangoyamba kuyenda, ndipo Phulusa anadzuka n'kuwatsata. Pamtsinje anatsuka chilonda chija ndi madzi, nandipatsa chingwe.

"Atatimasula ndinamutenga chifukwa ndinalibe poti n'kumusiya. Ndakhala naye chaka, koma ndikamuona sindigona. Mutengeni. Inu muzingotsogola basi."

Anabwerera osatembenuka. Sindinawathokoze, ndipo mpaka pano sindidziwa ngati ndinalakwa.

Ulendo wobwerera unatenga masiku anayi, wapansi. Ndinkagona pa matchalitchi a m'midzi, Phulusa nditamumanga pawindo. Nsapato zanga zinaduka tsiku lachiwiri, ndinazimanga ndi luzi, lachitatu ndinazitaya. Anthu m'njira ankaseka, ati taonani mayi akukoka bulu ngati galu wa mzungu. Njinga yamoto ikatulukira kumbuyo, iye ankaima n'kuyamba kunjenjemera, ine n'kudikira mpaka mtima wake utsike. Malire tinadutsira m'munda wa nyemba, pamene mzere wina ndi wa Mozambiki, wina wa Malawi. Kalata ya amfumu ija palibe anaifunsa.

Ndinafika kwathu Lachiwiri masana, mapazi atatupa. Tadala anandithamangira, koma ataona bulu anaima, nagwira pakamwa. A Jailosi anabwera, namuzungulira kawiri, nati chilonda chipole kaye. Wogula uja anamubweza.

Patatha sabata tinatulutsa nkhuku m'ngolo, tinapopa matayala, n'kumanga abulu awiriwo pa goli. Ndinawafotokozera a Jailosi zonse, koma anangoti bulu ndi bulu, akamva goli akumbuka. Anakwera pangolo ndi chikwapu chawo nati, "Tiye!" Wawo anakoka. Phulusa anagwada pomwepo, goli n'kupendama, mnzakeyo kutsala pang'ono kuthyoka khosi.

"Mayi a Tadala, mwandibwezetsa wogula chifukwa cha bulu wamisala?"

"Tsikani."

"Mwati bwanji?"

"Ndati tsikani pangolo yanga, ndipo chikwapucho mukasiye kwanu."

Anatsika akung'ung'udza. Ndinapita kutsogolo, ndinagwira chingwe, n'kuyamba kuyenda. Ngolo inanditsata.

Ndi mmene timayendera mpaka lero. Kachewere wa chaka chimenecho mavenda sanamuone kumunda. Koma kuchokera ku dimba kukafika kumsewu waukulu ndi mtunda wa maola atatu, ndipo ine, mwini ngolo, wa zaka makumi asanu ndi mawondo olira, ndimauyenda wapansi kupita ndi kubwera, pamene anzanga a ngolo amandipitirira atakhala pamwamba pa matumba. Amandifunsa ngati ndagula ngolo yoti ndiziiperekeza. A Jailosi anakana zoyenda pansi, ati iwo si bulu, amangodikira gawo lawo kunyumba. Achimwene anabwera pa Khirisimasi, naona bulu wonenepa, nati, "Mwaona achemwali, zonse zinatha bwino." Ndinawauza kuti atuluke pakhomo panga asanamwe ndi madzi omwe.

Kwa nthawi yaitali ndinkadzitonthoza kuti Phulusa amanditsata chifukwa chondikonda, kuti anandikhululukira za chikwapu chija. Tsiku lina mvula itagwa usiku wonse, Tadala anatiperekeza, akuyenda chapatali m'mbali mwa njira. Titafika kumsewu anandikoka chitenje.

"Amayi, tayang'anani kumbuyo."

Ndinayang'ana m'matope mmene tinadutsa. Matayala anaoneka, ziboda za bulu wa a Jailosi zinaoneka zili balala monse. Mapazi anga okha ndiwo sanaoneke. Paliponse pamene ndinaponda, Phulusa anapondapo, ndendende, osaphonya.

Si chikondi ayi. Amadikira ndiyambe ndaponda ine, aone ngati ndiphulike. Ndipo sindimuimba mlandu. Iye anatsogola miyezi itatu, tsopano atsogole munthu.